Sikelo ndi Kapu: Kuyeza Kirimu Pophika

Amayi ambiri ku Kawale, ku Biwi ndi kwa Chinsapo amapeza ndalama pophika mandasi, masikono ndi makeke a ukwati. Mwina inunso mumatero. Tsopano mumadziŵa kuŵerenga. Mungathe kuŵerenga nokha malangizo a kaphikidwe. Koma samalani ndi miyeso. Mukalakwitsa muyeso, mwataya ufa, makala ndi mpamba womwe.

Miyeso iŵiri

Muyeso woyamba ndi wa kulemera. Timayeza pa sikelo, ndipo timaŵerenga magalamu. Pa paketi amalemba g. Magalamu 1,000 ndi kilogalamu imodzi.

Muyeso wachiŵiri ndi wa kudzaza. Timayeza ndi kapu, supuni kapena botolo, ndipo timaŵerenga mamililita. Pa paketi amalemba ml. Mamililita 1,000 ndi lita imodzi.

Pezani kapu yanu

Kodi mulibe sikelo? Musadandaule. Tengani paketi ya mkaka yolembedwa 500 ml. Funani kapu imene mkakawo ungadzaze kaŵiri ndendende. Kapu imeneyo ndi ya 250 ml. Isungeni padera, ana asamwere tiyi.

Supuni yaikulu ndi 15 ml. Supuni ya tiyi ndi 5 ml.

Kirimu

Kirimu ndi mafuta amene amayandama pamwamba pa mkaka wa ng'ombe. Timagula m'masitolo akuluakulu, ndipo ndi wodula. Kulemera kwake kuli pafupifupi ngati kwa madzi. Tsono kapu imodzi ya kirimu ndi magalamu 250, kungopereŵera pang'ono.

Malangizo akati 500 g, thirani makapu aŵiri. Akati 375 g, thirani kapu imodzi ndi theka. Akati 30 g, thirani masupuni aakulu aŵiri.

Koma kumbukirani ichi. Yezani kirimu musanamutakase. Mukamutakasa amaloŵa mpweya, nafufuma. Pamenepo kapu idzadzaza msanga, koma kulemera kudzachepa.

Zinthu sizilemera mofanana

Kapu imodzi yodzaza imalemera pafupifupi chonchi:

Madzi, 250 g
Kirimu, 250 g
Mkaka, 260 g
Mafuta ophikira, 230 g
Shuga, 200 g
Ufa wa tirigu, 130 g

Taonani ufa. Ndi wopepuka chifukwa pakati pake pali mpweya. Malangizo akati ufa 260 g, inu n'kuthira kapu imodzi ngati mukuyeza kirimu, ndiye kuti mwathira theka lokha. Keke idzakhala phalaphala. Mwini ukwati adzaikana, ndipo kirimu wodula uja wapita pachabe. Ufa umenewo ndi makapu aŵiri.

Poyeza ufa musatsendere. Dzazani kapu ndi supuni, kenaka salazani pamwamba ndi mpeni. Ngati malangizo sakumveka, funsani aphunzitsi anu. Paja safunsa anadya phula.

Mafunso

1. Kodi lita imodzi ndi makapu angati?
2. Malangizo akuti kirimu 750 g. Muthira makapu angati?
3. Malangizo akuti ufa 520 g. Muthira makapu angati?
4. Chifukwa chiyani timayeza kirimu tisanamutakase?

Lembani mayankho m'kope mwanu. Koperaninso miyeso ili pamwambayi pa pepala, mumate kukhitchini.