Njiwa Ziwiri za Mariya

Phunziro la mwezi wa Disembala. Muyambe mwawerenga Luka 2:1-24 ndi Levitiko 12. Amene sadziwa kuwerenga, mnzace amwerengere.

Mwezi uno tiudziwa bwino ife okhala m'mapiri a Dedza. Mvula yakhazikika, nkhungu ikuta phiri m'mamawa, mitsinje ya Linthipe ndi Diamphwe yadzala, ndipo cimanga cimene tinabzala ndi mvula yoyamba cirikukula, udzu nukula naco pamodzi. Munthu ali yense wamphamvu alawirira kumunda ndi khasu lace. Koma m'nkhokwe zambiri cimanga ca caka catha catsikira pansi, kotero kuti amai pofuna kutapamo aweramira mpaka m'ciuno. Pakati pa masiku otere, a nchito yambiri ndi cakudya cocepa, pagwa Krisimasi.

Buku Lopatulika silichula tsiku kapena mwezi umene Ambuye wathu anabadwa. Tsiku la 25 Disembala analisankha ndi Akristu akale, ndipo tiyamba kulipeza m'zolembedwa za ku Roma zonena za caka ca 336. Kumaiko a kumpoto amenewo Disembala ndi mwezi wozizira. Zokolola ziri m'nyumba kale, nchito ya kumunda yaima, ndipo phwando liwapeza anthu ali nazo zakudya. Ngakhale komweko si onse analisunga tsikuli; ku Scotland, kwao kwa amishoni a Livingstonia ndi a Blantyre, Krisimasi sinali tsiku lopumula la dziko lonse kufikira caka ca 1958. Sitinena izi kuti tileke kukondwera, iai. Tsikuli tilikonda, ndipo nkoyenera kuti mpingo ukumbukire kubadwa kwa Mpulumutsi wace. Koma tizindikire kuti mpunga, nyama ya mbuzi ndi malaya atsopano ndi mwambo wa anthu. Phwando la Disembala linabadwira kumene nkhokwe zikhala zodzala mwezi uno. Kwathu kuno litipeza nkhokwe zirikutha.

Tikumbukirenso kuti mipingo yathu yambiri ndi yaing'ono. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Mvera m'caka ca 1889, namanga ku Nkhoma mu 1896, ku Mlanda mu 1902 ndi ku Mphunzi mu 1903. A Katolika naonso anakhazikika ku Mua mu 1902 ndi ku Bembeke mu 1910. Koma mpingo sunakulire pa mishoni pokha. Unakulira m'midzi, m'tinyumba taudzu ta sukulu, m'mene mphunzitsi anaphunzitsa ana pakati pa mlungu, nalalikira akulu tsiku la Sabata. Kufikira lero ambiri a ife tipemphera m'nyumba zazing'ono za m'midzi. Mbusa mmodzi ayang'anira nyumba zamapemphero zambiri, ndipo sangathe kufika kwa tonse tsiku limodzi, makamaka njira zikaterera ndi matope. Cifukwa cace Krisimasi ya mpingo waung'ono iri m'manja mwa eni ace: mkulu wa mpingo alalikira, akwaya aimba zimene anakonzekera masabata ambiri, amai a Cigwirizano asesa ndi kukonza m'chalichi, ndipo anyamata acita sewero lao, m'mene Herode ndi ukali wace aseketsa anthu koposa ena onse. Tikadakonda kuti ana azikumbukira abusa a nkhosa monga akumbukira Herode. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mpingo waung'ono uli ndi mwai umene mpingo wa m'tauni ulibe: tidziwana tonse. Tidziwa pamene agogo uje amakhala, ndipo munthu akapanda kubwera malo ace aoneka. Tsono tidzifunse: pa Krisimasi ya caka catha anasowa ndani? Ena, inde, anali kumowa, ndipo za iwo akulu a mpingo salephera kufunsa. Koma alipo ena amene sitifunsa za iwo. Alipo mai amene nsalu yace yatha, ndipo adziwa kuti anzace adzabvala zatsopano, ndi kuti ana a mnansi wace, amene atate wao angotsika basi yocokera ku Joni pa cipata ca Dedza, adzalowa ndi nsapato zolira. Pa Sabata wamba maiyo abwera wopanda manyazi. Pa Krisimasi atsekera ana ace m'nyumba, nanena kuti mutu ulikumpweteka. Alipo agogo amasiye amene alibe kanthu koponya m'mbale ya copereka. Liriponso banja limene dzulo lace linagwira ganyu tsiku lonse m'munda wa Mkristu mnzao, ndipo lero lifuna kuona ngati lingapulumutse mizere ingapo ya munda wace. Kotero tsiku lokumbukira uthenga umene unayamba kumveka kwa abusa ogona kubusa lasanduka tsiku limene wosauka aona umphawi wace koposa masiku onse.

Tsopano tiyang'ane m'Buku. Powerenga Luka 2 timakonda kulekeza pa vesi 20, abusa atabwerera ku nkhosa zao. Tipitirire pang'ono. Atapita masiku 40, Yosefe ndi Mariya anakwera naye mwanayo ku Yerusalemu, ndipo Luka atiuza pa vesi 24 kuti nsembe yao inali ya mbalame ziwiri. Wowerenga mothamanga apitirira osaima. Koma amene atsegula Levitiko 12 apeza cobisika m'mau amenewa. Lamulo la Mose linati mkazi wobala mwana wamwamuna adikire masiku 7 ndi enanso 33, ndipo pamenepo adze kwa wansembe ndi mwana wa nkhosa wa caka cimodzi, pamodzi ndi njiwa kapena nkhunda imodzi. Iyo ndiyo inali nsembe yokwana. Koma pa vesi 8 lamulo lomwelo likumbukira mkazi amene sangathe kupeza nkhosa: iyeyo atenge mbalame ziwiri, ndipo wansembe amcitire zonse monga acitira mwini nkhosa. Tsono Mariya anadza ndi mbalame. Ndiko kunena kuti m'nyumba ya Yosefe munalibe ndalama zogulira mwana wa nkhosa. Amace wa Ambuye anaima m'Kacisi ndi copereka ca osauka m'manja, ndipo ali yense woona mbalamezo anadziwa za m'thumba mwa mwamuna wace.

Nkwapafupi kutembenukira kwa mai wa nsalu yakutha uja ndi kumuuza kuti, Taonani Mariya, lekani manyazi. Koma tisanamsenzetse katundu ameneyo, tione cimene cinatsegulira Mariya njira. Mulungu anali atakonzeratu malo a wosauka m'lamulo lace zaka mazana ambiri Mariya asanabadwe. Sanadikire kuti mkazi wina ayambe wabwezedwa pakhomo. Njira ya mbalame ziwiri inali yolembedwa, yodziwika kwa onse, ndipo woyenda m'njira imeneyo sanali wopemphapempha, kapena wocitiridwa cifundo camseri. Anayeretsedwa mofanana ndi mkazi wa mwini khola. Ndipo m'Kacisi momwemo Simeoni, nkhalamba yoyembekeza citonthozo ca anthu ace, analandira Mpulumutsi m'manja mwa makolo osaukawo. Cifukwa cace funso la phunziro lathu ligwera mpingo wonse: kodi ife tinakonza njira yotere, kuti wosowa adze pa Krisimasi wosaweramitsa nkhope?

Mpingo wa ku Korinto unalephera pomwepa. Posonkhana kudya pamodzi, okhala nazo anali kutsiriza zao osadikira, osauka nakhala ndi njala, ndipo Paulo anawadzudzula kolimba pa 1 Akorinto 11:17-22. M'masiku a Nehemiya, anthu pouzidwa kuti adye ndi kumwa zabwino pa tsiku lopatulika, anauzidwa pomwepo kuti atumize gawo ku nyumba zimene sizinaphike (Nehemiya 8:10).

Koma gawo la nyama la tsiku limodzi silithetsa nkhaniyi, pakuti cimene cisautsa abale athu mwezi uno ciri m'munda. Alimi tonse tidziwa kuti cimanga cikapanda kupaliridwa m'masabata oyamba citamera, udzu ucilanda cakudya ca m'nthaka, ndipo ngakhale mudzacipalire pambuyo pace sicibwereranso mphamvu. Banja limene ufa walithera mu Disembala lisiya munda wace kukapalira wa wina, kuti ana adye madzulo. Mwini munda uja akolola zambiri. A ganyu aja apeza munda wao uli chire, akolola pang'ono, ndipo caka camawa ufa uwathera msanga koposa. Umo ndimo njala ibalira njala inzace. Ena, pofuna kuti ana ao asaoneke amphawi pa Krisimasi, atenga ndalama za katapila, kapena agulitsa feteleza amene akadathira m'munda, nalipira phwando la tsiku limodzi ndi nkhokwe ya caka cathunthu. Nkhalamba zikumbukira njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tinaona ya 2002, pamene boma linalengeza mu Febuluwale kuti dziko liri pa ngozi. Njala imeneyo sinayambe mu Febuluwale. M'nyumba zambiri inali italowa kale pa Krisimasi ya 2001, m'machalichi tirikuimba.

Makolo athu, asanamve Uthenga Wabwino, anali nalo dima: anthu a m'mudzi anasonkhana kulima munda wa mmodzi wao, iye nawafululira mowa. Mowa tinauleka, ndipo tinacita bwino. Koma anatiuza ndani kuti titaye ndi dima lomwe? Thobwa likwana. Anthu 30 a makasu akhoza kutsiriza munda wa mai wamasiye dzuwa lisanafike pamutu, munda umene iye yekha akadalimbana nao kufikira Januwale. Tipempha tsono akulu a mpingo akhale pansi kumayambiriro a mwezi, nawerenge nyumba ndi nyumba minda imene udzu waipitirira: ya odwala, ya amasiye, ya akazi amene amuna ao ali kutali osatumiza kanthu. Tsiku la dima lilengezedwe monga tilengeza tsiku loumba njerwa za chalichi, ngati nchito ya mpingo ya caka ndi caka, osachula umphawi wa munthu pa guwa. Likakhala mwambo wodziwika, wolimiridwa sadzacita manyazi, pakuti adziwa kuti caka cina khasu lace lidzalowa m'munda wa mnzace.

Ndipo Mkristu wolemba ganyu awerenge Deuteronomo 24:14-15, nalipire tsiku lomwelo. Alipire ndi cimanga cabwino, asapatse mbale wace madeya amene akadapatsa nkhumba. Ndipo asamgwire masiku onse a mlungu, koma amsiyire ena a kumunda kwace. Sikuyenera kuti anthu awiri amwere cikho cimodzi pa Mgonero, pamene nkhokwe ya wina idzala ndi udzu wa m'munda wa mnzace.

Wina adzati, Tonsefe ndife osauka, tidzathandiza bwanji? Inde, ndico cifukwa cace sitinanene za ndalama. Khasu ali nalo ali yense. Winanso adzati, Wosowa anene yekha, tidzamthandiza. Akale anati, Patsepatse nkulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Amene asowadi ndiye amene sadzanena, ndipo m'mpingo wa nyumba zowerengeka palibe mkulu angakane kuti sadziwa nyumba imene utsi sufuka madzulo.

Za tsiku lenileni tinene mwacidule. Mwambo wa cidyerano, umene mabanja anatengera nsima zao pa bwalo limodzi nadyera pamodzi, uyenera Krisimasi koposa kudya kotsekera citseko. Mapemphero atatha, mpingo ukhale pansi pa bwalo la chalichi, kapena m'kati ngati mvula irikugwa. Wina atenge mpunga, wina nyemba, wina mbatata, wina bowa kapena nkhwani. Amai a Cigwirizano alandire miphika kuseri, nagawe m'mbale zao, kuti pasadziwike kuti nyama yacokera kwa yani, nkhwani kwa yani. Pambali pa mbale ya copereka paikidwe dengu, lolandira mazira, mbatata kapena kamtolo ka nkhuni, ndipo mkulu wopempherera zopereka apempherere dengu ndi mbale pamodzi. Akulu a mpingo ndi akazi ao akabvala tsiku limenelo zomwe abvala Sabata iri yonse, ambiri adzapeza mtima wolowa. Madzulo akwaya agawikane awiri awiri kapena atatu atatu, napite ndi cakudya kwa odwala ndi kwa nkhalamba zimene sizingathe kuyenda m'matope, nawawerengere Luka 2 kufikira vesi 24.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzaphunzira Mateyu 2:13-23, za kuthawira kwa Yosefe ku Aigupto, ndi za abale athu amene Krisimasi iwapeza ku Joni, ku Harare ndi ku Tete.