PHUNZIRO 17: KUFUFUZA NDI KULEMBA LIPOTI

Anzathu, nthawi zina kumudzi kuno kumafika anyamata ndi atsikana atanyamula makope ndi chingwe choyezera. Amafunsa kukula kwa munda, matumba amene tinakolola ndi mtengo umene tinagulitsira. Ena a ife timabisa. Timati mwina ndi a msonkho. Lero tiphunzire za anthuwa ndi ntchito yawo.

Ambiri mwa iwo ndi ophunzira a ku yunivesite. Amaphunzira za chuma cha ulimi, ndiko kuti ndalama zimene zimalowa m'munda ndi zimene zimatulukamo. Maphunziro a ulimi aliko ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, imene inayamba mu 1962 ndipo inalandira dzina limeneli mu 1976. Kuno ku Tete, UniZambeze ili ndi sukulu ya ulimi ku Ulónguè, m'boma la Angónia.

Wophunzira asanamalize, ayenera kufufuza nkhani imodzi ndi kulemba lipoti. Ntchito yotere si yachilendo m'dziko lathu. Mu 1977 aphunzitsi ndi ophunzira, motsogoleredwa ndi Ruth First, anapita m'midzi ya ku Inhambane kukafunsa mabanja a amuna ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Anapeza kuti minda yambiri inkadalira malipiro a ku mgodi pogula makasu a ng'ombe ndi zina zofunika. Lipoti lawo linatchedwa O Mineiro Moçambicano.

KUFUFUZA KUMAYENDA BWANJI?

Choyamba ndi funso limodzi lomveka. Mwachitsanzo: kodi feteleza amatipindulira pa chimanga?
Chachiwiri ndi kupita kumunda, kufunsa ndi kuyeza.
Chachitatu ndi kuwerengera ndi kuyerekeza.
Chachinayi ndi kulemba.

Tiyeni tiyese tokha. Manambala awa ndi ongophunzirira.

Tili ndi minda iwiri, uliwonse hekitala imodzi. Hekitala ndi mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. M'munda woyamba tathira feteleza. Mbewu, feteleza, aganyu ndi ngolo zatidyera mametikali 11,000. Takolola matumba 20. M'munda wachiwiri sitinathire. Tawononga mametikali 5,000 ndipo takolola matumba 12.

Ndi maso, munda woyamba wapambana kutali. Koma tiwerenge. Tikagulitsa pokolola, thumba pa 800, munda woyamba utipatsa 16,000. Tikachotsa 11,000, phindu ndi 5,000. Wachiwiri utipatsa 9,600. Tikachotsa 5,000, phindu ndi 4,600. Kusiyana kwake ndi 400 basi!

Nanga tikasunga chimanga mpaka mtengo ufike 1,000? Woyamba utsala ndi 9,000, wachiwiri 7,000. Kusiyana tsopano ndi 2,000. Taona kuti phindu la feteleza limadaliranso nthawi yogulitsa. Izi maso okha sangatiuze. Cholembera ndicho chatiuza.

LIPOTI LABWINO

Lipoti limanena zinthu zinayi: funso linali lotani, tinafufuza bwanji, tapeza chiyani, ndipo tichite chiyani. Wolemba amasiyanitsa zimene wayeza ndi zimene akungoganiza. Amalemba mawu osavuta, kuti mlimi atawerengeredwa amve.

Koma lipoti silingapose manambala amene lapatsidwa. Ife tikakolola matumba 20 n'kunena 10, wophunzira alemba 10. Amene adzawerenge adzati mbewu ija ndi yosabereka, mwina n'kusiya kuibweretsa. Bodza lathu lidzatibwerera tokha.

Nafenso tili ndi ufulu. Timufunse mlendoyo: mwachokera kuti, ndipo mayankho athu mupita nawo kuti? Timupemphe kuti akamaliza adzatiwerengere zimene wapeza.

Tisadikire alendo okha. Tsopano tikudziwa kulemba. Koperativa yathu ikhale ndi kope la munda. Tilembe tsiku lobzala, ndalama iliyonse yotuluka, thumba lililonse lolowa m'nkhokwe. Pa msonkhano wa kumapeto kwa chaka tidzakambirana ndi manambala m'manja, osati ndi "ndikukumbukira ngati".

NTCHITO

1. Tchulani zinthu zinayi zopezeka mu lipoti.
2. Munda wadya mametikali 7,000 ndipo wabala matumba 15. Thumba ndi 800. Phindu ndi zingati?
3. Lembani m'kope funso limodzi limene koperativa yathu iyenera kufufuza chaka chino. Mudzaliwerenge pamaso pa anzanu phunziro likubwerali.