Kudzithandiza Pambuyo pa Opaleshoni ya Khansa ya Thumbo Lakumapeto

Thumbo lakumapeto, lotalika masentimita 12 mpaka 15, limasunga chimbudzi mpaka munthu atapeza podzithandizira. Madokotala akalidula chifukwa cha khansa, amalumikiza matumbo otsalawo. Ena amangolumikiza molunjika, pamene ena amapinda thumbo ngati chilembo cha J kuti pakhale kathumba kosungira, njira imene inadziwika mu 1986. Kathumbaka kamachepetsa kupitapita kuchimbudzi m'chaka choyamba, ngakhale kusiyanaku kumazilala pakapita nthawi.

Kwa Mponda ku Mangochi, msodzi amene akulephera kudzigwira sangachezere m'bwato, ndipo Msilamu amaopa kudzidetsa pa swala. Manyazi amatseka pakamwa. Komatu wodwala akauza dokotala mosabisa, amathandizidwa ndi mankhwala olimbitsa chimbudzi, kusintha zakudya komanso kulimbitsa minofu yogwira chimbudzi.