Nkhuku zanu ndi mango a ku Kambombo

Mwezi wa Disembala ukafika ku Kambombo, nkhuku zimakhala pansi pa mitengo ya mango tsiku lonse. Bango likangogwa, tambala amaitana, mathadzi n'kuthamangira, ndipo pofika madzulo chithokomiro cha iliyonse chimakhala chili tho. Mwini wake akaona choncho amati zakhuta, gaga n'kumusunga. Pakapita milungu iwiri amayamba kudandaula kuti mazira achepa ndipo zitosi zangoti pyapyapya pakhonde ponse.

Vuto lake n'lakuti bango ndi madzi ndi shuga. Pa magalamu 100 a bango, chakudya chomanga thupi sichikwana ngakhale galamu imodzi, pamene thadzi loikira limafuna kuti pa magalamu 100 a chakudya chake, pafupifupi 16 akhale omanga thupi. Vwende ndiye nkhani ina, chifukwa magawo oposa 90 pa 100 ndi madzi okhaokha. Zipatso ndi ndiwo za nkhuku. Nsima yake ndi gaga, chimanga chophwanya, mapira ndi mpunga wosweka, komanso tizilombo timene imadzipalasira yokha.

Alangizi a ziweto amati zapambali zotere zisapose gawo limodzi pa magawo 10 a zimene nkhuku imadya pa tsiku. Koma pamudzi ndani ali ndi sikelo yoyezera makoko a papaya? Muyeso wosavuta ndi uwu: m'mawa potsegula khola, ziyambe zalandira gaga wonyowetsa pang'ono, dzanja limodzi pa nkhuku yaikulu iliyonse. Zipatso ndi masamba zibwere chakumadzulo, dzuwa litapendeka, ndipo muike zongokwanira kutha pa mphindi 15. Zikatsala ndiye kuti mwachulutsa, mawa muchepetse. Muziika pafupi ndi khomo la khola nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Sabata isanathe mudzaona nkhuku zikubwera zokha, ndipo ntchito yothamangitsa misoti yofuna kugona mumtengo, kumene vumbwe amaipeza mosavuta, idzachepa.

Kwa ine, masamba amaposa zipatso kutali. Chimanga choyera chimene timadya, pamodzi ndi gaga wake, chilibe vitamini A. N'chifukwa chake mu 2012 dziko la Zambia linatulutsa mbewu ya chimanga cha olenji, koma makomo ambiri amalimabe choyera. Nthawi ya dzinja nkhuku imadzipezera vitaminiyu mu msipu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tchire la m'chigwa cha Luangwa limauma, kwina n'kupsa ndi moto, ndipo nkhuku imasowa kobiriwira koti n'kujompha. Apa m'pamene mumaona maso akutupa ndi kulira misozi, anapiye akukwinimbira, chapakati pa dzira chikuyererako m'malo mokhala chachikasu bii. Imeneyi ndiyo nyengo imene zotsala za kudimba zimagwira ntchito yaikulu: masamba akunsi a repu ndi mpiru amene simungagulitse, kholowa, bonongwe, chisoso, nkhwani zokhwima zimene kuno timati chibwabwa. Amene ali ndi mtengo wa chammwamba pakhomo ali ndi mwayi, chifukwa masamba ake ali ndi chomanga thupi chambiri kuposa masamba ena. Aumitseni pamthunzi, muwafikise, muwaze kadzanja kamodzi mu gaga.

Kaperekedwe kake kalinso ndi nzeru. Mukangomwaza masamba pansi, nkhuku zimawaponda, kuwanyera, n'kuwasiya. Mangani kamtolo ndi luzi, mukapachike pa mtengo kapena pa mzati wa nkhokwe, kalendewere pa msinkhu wa mutu wa nkhuku. Tsamba likagwidwa kumtunda, nkhuku imatha kulikadzula bwino, ndipo pakatha ola mumapeza mitsitsi yokha. Dzungu ingolidulani pakati, muliike chagada, zikolokota zokha mpaka khoko, nthanga zomwe. Papaya lakupsa chimodzimodzi. Masau amene amagwa nthawi yozizira zimatola zokha, palibe chovuta. Anapiye osakwana milungu itatu musawapatse zipatso zamadzi. Iwo apatseni masamba oduladula tating'ono kwambiri, osakaniza ndi mpunga wosweka.

Popeza kuno ku Chama ndi kwawo kwa mpunga, ndinenepo za kuchigayo. Gaga wa mpunga, uja wofewa ngati ufa, ndi chakudya chabwino, kungoti sachedwa kununkha mafuta m'nyengo yotentha, choncho musamasunge wambiri. Mankhusu aja olasalasa si chakudya. Amangodzaza mimba, ndipo ntchito yake ndi kuyala pansi m'khola.

Pali zina zoti zisafike kukamwa kwa nkhuku. Choyamba ndi chilichonse chochita chuku, kaya ndi bango, mtedza kapena chimanga chofumbwa chapansi pa nkhokwe. Chizolowezi chathu n'chakuti chimene munthu wachikana chipite kwa nkhuku, koma poizoni wa chuku, uja amati aflatoxin, amawononga chiwindi chake, ndipo anapiye ndi abakha ndiwo amayamba kufa. Zoola zochita mphutsi n'zoopsanso: nkhuku imalobodoka khosi ndi miyendo, n'kufa ili chigonere. Mango oola muziwasesa m'mawa uliwonse n'kuwakwirira m'dzenje la manyowa. Peyala, makamaka khoko, nthanga ndi masamba ake, lili ndi poizoni woopsa kwa mbalame. Makoko a chinangwa chowawa asaperekedwe aawisi. Nyemba zouma zosaphika, makoko a mbatatesi yobiriwira kapena yophuka, masamba a matimati ndi nthanga za nsatsi, zonsezi ayi. Ndiwo zotsala mumphika zili ndi mchere, ndipo nkhuku siipirira mchere wambiri. Ngati mukufuna kuzipatsa, yambani mwazitsukuluza ndi madzi.

Choopsa china n'cha kwathu kuno kolima thonje. Mankhwala opopera thonje ndi amphamvu, ndipo pampu yomweyo ena amapita nayo kudimba. Masamba opoperedwa kumene asapite kwa nkhuku mpaka atakwana masiku olembedwa pabotolo, monga momwe simungawaphikire ana anu. Bonongwe womera m'mizere ya thonje lopopera musiyeni komweko. Mbewu yotsala podzala, ija yopakidwa utoto, ikhale kutali ndi bwalo.

Nanga chomanga thupi chichokere kuti? Chiswe. Tengani mphika wakale wadothi, muikemo zitsononkho, mapesi oduladula ndi ndowe zouma, muwaze madzi pang'ono, n'kuuvundikira pa njira ya chiswe chakumadzulo. Pamwamba ikanipo chiguduli kuti musatenthe. M'mamawa, dzuwa lisanakwere, vundukulani n'kukhuthulira anapiye. Phokoso limene amachita pamenepo limadzutsa ndi wogona yemwe. Ngumbi za mvula yoyamba, zinyenyeswa za kapenta ndi mitu ya nsomba yowamba yosinja zimathandizanso. Chigoba cha dzira limodzi chimadya pafupifupi magalamu awiri a kashiamu, ndiye zigoba musataye. Zikazingeni pa phale, muzisinje zisaoneke ngati dzira, kuopa kuphunzitsa thadzi kudya mazira ake. Nkhuku zotsekeredwa zimafuna timiyala ndi mchenga wokhakhala, popeza nthutumba ndiyo mano ake. Madzi asamasowe pamthunzi, makamaka mu Okutobala pamene kutentha m'chigwa muno kumafika madigiri 40.

Mwezi womwewo ndi umene chitopa chimakonda kusesa makola. Mudzamva anthu akuti thirani tsabola m'madzi, ena alovera, ena masamba a papaya. Nkhuku yodya bwino imalimbako ku matenda ena, zimenezo n'zoona, koma chitopa chimayamba ndi kachilombo ka vayirasi ndipo tsamba lochichiritsa kulibe. Chimene chimateteza ndi katemera, kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndi mwanapiye yemwe, katatu pa chaka, matenda asanafike. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi yawo ku Chama boma, ndipo mugwirizane ndi anansi anu kuti mutemere tsiku limodzi, chifukwa botolo limodzi limakwanira nkhuku za makomo angapo ndipo likatsegulidwa silikhalitsa. Mukamva kuti chitopa chalowa mudzi woyandikana nawo, lekani kutola zotsala za masamba pamsika pamene amagulitsanso nkhuku zamoyo.