Za Patenti, Cikalata Coteteza Nzeru Zatsopano

Onse oyenda pa mseu wa Great East Road, kucokera ku Chongwe kulinga ku mlatho wa Luangwa, aona zimene manja a anthu a ku Rufunsa apanga: mbaula zosulidwa ndi malata akale, ngolo za ng'ombe zoyenda pa mawilo a galimoto yakufa, ndi misampha ya mitundu-mitundu. Tsono munthu akatulukira cipangizo cimene sicinaoneke ndi kale lonse, wina nacitengera ndi kulemera naco, mwini nzeruyo adzadandaula kwa yani? Boma linaika njira yace, ndiyo cikalata cochedwa patenti.

Inu amene muphunzira kumasulira mau, samalani pano, pakuti m'Cinyanja mulibe liu limodzi lokwanira. Liuli licokera ku Cilatini, ndipo tanthauzo lace ndilo "cotseguka." Kale mafumu a ku England analemba makalata osatseka, kuti anthu onse awerenge ufulu umene mfumu yapatsa munthu. Cotero womasulira asalembe kuti patenti ndi cinsinsi ai. Ndi pangano: wotulukira aulula poyera mapangidwe onse a cinthu cace, ndipo boma liletsa ena kucipanga kapena kucigulitsa popanda cilolezo cace kufikira zaka 20. Zakazo zikatha, nzeruyo ikhala ya anthu onse.

Lamulo lotere linalembedwa ku Venice m'caka ca 1474. M'dziko la Zambia muli lamulo la mapatenti la 2016, ndipo zikalata zilembetsedwa ku ofesi ya PACRA ku Lusaka. Patenti igwira nchito m'dziko lokhalo limene inalembetsedwa. Cifukwa cace maiko ena a mu Africa anapangana ku Lusaka m'caka ca 1976 kukhazika bungwe limene lero lichedwa ARIPO, lokhala ku Harare, kuti munthu apemphe kamodzi citetezo ca m'maiko angapo.

Cinthu ciyenera kukwanitsa zitatu. Poyamba, cikhale catsopano. Kaciwiri, cisakhale cimene mmisiri aliyense akadacipeza mosabvuta. Kacitatu, citheke kupangidwa ndi kugwira nchito.

Taonani zitsanzo ziwiri. M'caka ca 1941 George de Mestral wa ku Switzerland anapenyetsetsa njere zakuthengo zokakamira pa zobvala zace, monga cicitira cisoso kwathu kuno. Anapeza kuti zili ndi tingowe tating'ono, napanga comangira cochedwa Velcro, nalandira patenti. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, anamanga makina a mphepo opatsa magetsi m'caka ca 2002, ndi mitengo ya bulugamu ndi zitsulo za njinga. Luso lace linali lalikuru, koma makina a mphepo anali odziwika kale m'mabuku, ndipo cimene cidziwika kale sicilandira patenti.

Momwemonso mankhwala a makolo ndi kalukidwe ka madengu sizingakhale za munthu mmodzi, popeza nza mtundu wonse. Zimenezi Zambia inaziikira lamulo lace lapadera m'caka comweco ca 2016, kuti mlendo asatenge nzeru za m'mudzi eni ace osabvomera.

Nanga inu mukatulukira kanthu mudzatani? Jambulani cithunzi cace, lembani tsiku ndi mapangidwe ace m'buku. Musafulumire kukaonetsa pamsika musanapereke pempho lanu, pakuti cinthu cikawanda cingayesedwe kuti sicatsopano. Werenganinso mtengo, cifukwa pali ndalama zolipira popempha ndi zina caka ndi caka. Funsani akudziwa malamulo. Akuluakulu anati nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi.

Mafunso

1. Kodi liu la patenti mungalimasulire bwanji kwa nkhalamba ya m'mudzi mwanu?
2. Cifukwa ninji boma lifuna kuti wotulukira aulule nzeru zace?
3. Chulani cipangizo cimodzi ca kwanu, ndipo ciyeseni ndi zitatu zija.