Mnyamata wathu akubwera kuchokera ku Ghana

Zikomo mayi athu a ku Ndirande chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwana wanu akubwera kuchokera ku Ghana, komwe Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza unamutuma kwa zaka ziwiri, ndipo mukufunsa kuti mumulandire bwanji.

Ku Chileka pitani ndithu, nthungululu muyimbe, musachite manyazi. Koma dziwani kuti potsika ndege adzakhala akadali mtumiki, baji yakuda ili pachifuwa, kufikira mtsogoleri wa mpingo atamumasula. Phwando lidikire zimenezo.

Nkhani ikundidetsa nkhawa ine ndi ya achibale. Ena adzabwera maso ali pachikwama, poganiza kuti wochokera kunja sabwera chimanjamanja. Mayi, auzeni kusanache kuti atumiki amenewa salandira malipiro. M'chikwamamo mudzapezamo malaya oyera otha m'khosi, nsapato zakutha zidendene ndi mabuku, basi.

Chinanso, miyezi 24 yonseyi mwanayu wakhala akudzuka m'mamawa, mnzake wa utumiki ali pambali usana ndi usiku. Akafika pakhomo adzasowa chochita, mwina adzangoti duu pakhonde. Musamufunse msanga za ntchito kapena za banja, amalume akewo muwagwire pakamwa kaye. Mufunseni za anthu amene wawasiya uko, mayina awo, fufu ankamudya bwanji.

Tsiku loyambalo nsima ya chambo ndi thobwa zikwanira. Adzuke mochedwa ngati angathe, ana asamugogodere.