Mawu omaliza a kernel akathera pakati

Seva ya Linux ikagwa usiku, imasiya mawu otsanzika: mizere yonena pamene kernel inapunthwa. Kukacha, injiniya amathamangira ku /sys/fs/pstore, n'kupeza uthengawo waduka pakati pa liwu, kapena chiyambi chake palibe. Kawirikawiri mlandu umakhala wa buffer, kachigawo ka memory kamene mawuwo anathiridwamo. Mwina kanachepa, mwina wolemba pulogalamu anasokoneza masamu a malo otsala.

Ntchito imayamba ndi kugwetsa makina dala, koma mu QEMU, pa makina ongoyerekezera, osati pa seva imene anthu akudalira. Lamulo la echo c > /proc/sysrq-trigger limadzetsa panic pompo. Makina akadzuka, injiniya aone fayilo ya dmesg-ramoops-0, kenako abwereze kangapo. Uthenga ukamadukira pamalo amodzimodzi, ndiye kuti pali malire penapake.

Asanakhudze code, afufuze kaye manambala amene anabwera ndi makina. Ramoops, imene imasunga mawuwo mu memory, imapatsa rekodi iliyonse mabaiti 4096 ngati record_size sinasinthidwe, ndipo pa kugwa kulikonse imasunga gawo loyamba lokha, la mizere yaposachedwa, yakale imaisiya. Pstore nayo imatenga mabaiti 10240 okha a kumchira kwa log, pokhapokha kmsg_bytes itakwezedwa. Ambiri amathera pomwepa: akakweza manambala awiriwa, uthenga umatuluka wathunthu.

Zikakanika, aloze maso pa snprintf, chifukwa ndi pamene pamagona njoka. Ntchito imeneyi sinena zimene yalemba, imanena zimene ikanalemba malo akanakhalapo. Buffer ya mabaiti 64 ikapatsidwa uthenga wa zilembo 80, mumalowa zilembo 63 ndi ziro wotsekera, koma yankho limabwera 80. Wolemba akamaphatikiza mayankho otere kuti adziwe pamene wafika, ulendo wachiwiri amachotsa 80 pa 64 pofuna kudziwa malo otsala. Nambala ya mtundu wa size_t sitsika pansi pa ziro, choncho imasanduka chinambala chachikulu zedi. Vsnprintf ya kernel imakana kukula kopitirira INT_MAX n'kungochenjeza, ndiye mizere yotsatira imasowa, pamene utali wabodza uja ungachititse kuti pulogalamu iwerenge kunja kwa buffer.

Mankhwala ake ndi scnprintf, imene pa chitsanzo chomwechi imabweza 63. Mu 2020 Takashi Iwai wa ku SUSE anatumiza zigamba zambiri zosintha zimenezi m'madera osiyanasiyana a kernel. Koma pali chimene ambiri amaiwala: scnprintf imadula mwakachetechete. Amene akufuna kudziwa kuti mawu aduka ayerekeze yankho la snprintf ndi kukula kwa buffer, kapena agwiritse ntchito seq_buf, imene imatha kunena ngati yasefukira. Pokopera mayina, strscpy imabweza -E2BIG ikadula. Strlcpy, mnzake wakale, inachotsedwa m'kernel pa Linux 6.8 mu 2024, ndipo n'zokayikitsa ngati alipo akuilira.

Chiyeso chopempha memory yowonjezera panthawi ya panic achipewe ndithu. Nyumba ikuyaka si nthawi yokabwereka ndowa kwa aneba: mbali yogawa memory ingakhale ndiyo yawonongeka, kapena loko wake ali m'manja mwa CPU imene yaimitsidwa kale. Malo onse asungidwe makina akamadzuka. Ngati kudula sikungapeweke, patsale mizere ya call trace, ndipo paikidwe chizindikiro chouza wowerenga kuti zina zatayika.

Poyesa chigamba, atumize mauthenga atatu: woperewera baiti imodzi, wodzaza ndendende, ndi wopitirira ndi baiti imodzi, KASAN ili yoyatsa kuti igwire kuwerenga kapena kulemba kunja kwa malire. Zikayenda, adutsitse chigambacho pa checkpatch.pl, aike mzere wa Fixes: wosonyeza commit imene inabweretsa vutolo, ndipo get_maintainer.pl imuuza kotumiza. Za pstore, dzina la Kees Cook limatuluka pamndandandawo.